Mbale ya Sigele

Usiku wonse mbale yagona m'kabati yofunda.
Ndaivundukula m'mawa, zala zitauma ndi chisanu cha Juni.
Zamera.
Timadontho takuda ngati njere za bonongwe.

Dzana tinali kummero kwa Sigele,
wa zaka zisanu ndi chimodzi, wa ku Lizulu,
amene anafika pano pa Ntcheu ali kumsana kwa amake,
khosi litatupa ngati la ng'ombe yapangolo,
mpweya ukulira ngati ukudutsa m'bango.
Nditakanikiza lilime ndi kathabwa
ndinaona kachikopa kotuwa katayala mkati,
kokana kupukutika, ukakakhudza magazi.
Difiteriya.
Dzinali ndinaliloweza pokonzekera mayeso,
ndimayesa ndidzapuma pa ntchito tisanaonane.

Pansi pa galasi lokulitsa ndi tizibonga,
tatsamirana tiwiritiwiri
ngati ovina ngoma akatopa.
Tonse nkhope imodzi. Koma diso limanama.
Pepala la ku Blantyre,
kumene amawerenga zolembedwa m'mimba mwa kachilombo,
likuti ta mwana wa ku Tsangano n'ta mfunda wina,
ta ku Biriwiri mfunda winanso,
tina tili ndi ululu, tina tangobvala dzina.

Sindinadabwe kwenikweni.
Mayi anga anakalambira pa mulu wa nyemba.
Wodutsa pa basi amangoti nyemba,
iwo amati iyi nanyati, iyi kholophethe,
iyi napilira, iyo musaione kukongola, imatha nkhuni.

Ndipo pa Lizulu malire ndi msewu.
Mbewu imawoloka itamangidwa pa nsonga ya chitenje,
palibe amaifunsa chiphaso.
Tizilombo nato timatero:
timapatsana kafundo ka nzeru yopirira mankhwala,
ngakhale kwa mlendo wongokumana naye pakhosi,
osalipiritsa, osalemberana.

Pa mbale yachiwiri ndinayala timapepala ta mankhwala.
Pamene mankhwala akali ndi mano
pamatsala bwalo loyera, losesedwa bwino.
Ndatenga rula.
Bwalo loyamba lilipo, koma lachepa.
Lachiwiri ndayeza kawiri, n'kupukuta magalasi.
Lachitatu palibe choyeza,
udzu wamera mpaka pakhomo.

Anatiphunzitsa ndani timeneti?
Ndikudziwa benchi yake,
pakati pa sopo ndi mabatire,
pamene makapisozi amagulitsidwa atatuatatu
chifukwa ndalama yathera pomwepo.
Ndikudziwa botolo losiyidwa pawindo lili theka
mwana atangoyamba kuseka,
ndi ufa wachikasu wothiridwa m'madzi a nkhuku.
Nanenso, ine wa chovala choyera,
m'thumba la jekete muli mapiritsi anayi
amene ndinayenera kumaliza chaka chatha.
Mankhwala osamaliza sapha, amalangiza.

Buku la sikelo la Sigele lanyowapo mvula.
Katemera woyamba, sitampa. Wachiwiri, sitampa.
Wachitatu mzere uli mbee.
Anangozo akuti unali mwezi wokumba mbatatesi,
kenako mtsinje unadzaza, kenako anabadwa mng'ono wake.
Sindinawakalipire.
Cholembera cha pa ofesi sichidziwa kutalika kwa mtunda.

Ndalemba dzina la mankhwala amene akali ndi bwalo,
ndapita nalo ndekha ku wodi, osatuma munthu.
Kuseri kwa chinsalu amake aimirira,
nsalu ili kukamwa.
Mwapeza chiyani, adokotala?
Sindine dokotala, mayi, ndine wa ku labu.
Nanga mwapeza chiyani?

Ndikanati ndapeza mtundu wathunthu,
wokhala ndi mafuko ndi maukwati ake,
wophunzira msanga kuposa ife.
Ndangoti, alipo ogwira. Koma adzamwe onse.
Abale ake abwere mawa, ndi ana a nyumba yoyandikana.

Iwo akuti wameza malovu m'bandakucha osalira.

Ndabwerera. Mbale ndaiika mumphika wa nthunzi.
Magetsi athima isanawire.
Ndakhala pampando, ndikudikira,
ndasamba m'manja kachiwiri.